Tsiku Silisuntha: Ntchito Yobisika Mpikisano Waukulu Usanayambe

M'bandakucha, mzinda ukadali m'tulo, pamakhala munthu amene amapalasa njinga pakati pa msewu, galimoto ya apolisi ili kutsogolo, ina kumbuyo. Akuyeza njira imene othamanga mpikisano wa marathon adzadutse. Pa gudumu lakutsogolo amamangirirapo kachipangizo kotchedwa Jones counter, kamene kamawerenga kuzungulira kwa gudumulo. Asananyamuke amayamba wapalasa kangapo pa kamtunda kowongoka kamene anakayeza kale ndi tepi yachitsulo, kuti adziwe manambala amene akukwana kilomita imodzi. Akamaliza ulendo wonse amabwereranso pa kamtunda komweko, poti dzuwa likatuluka mpweya wa m'tayala umafufuma, kawerengedwe n'kusintha pang'ono. Pokhota satsata pakati pa msewu. Amadula njira yachidule kwambiri imene wothamanga wochenjera angadutse, masentimita 30 okha kuchoka m'mphepete. Ndipo pa kilomita iliyonse amawonjezerapo mita imodzi mwadala. Mtunda wa marathon ndi makilomita 42.195, ndiye kuti owonjezerawo amakwana mamita 42. Amatero kuti ngati walakwitsa penapake, njira italike m'malo mofupika. Njira ikaperewera ngakhale pang'ono, nthawi imene wothamanga wathamanga tsikulo siilowa m'mabuku, thukuta lake la zaka zambiri n'kupita pachabe.

Woyeza msewuyu simudzamuona pa kanema, ndipo pamene wopambana akuvekedwa mendulo palibe adzamutchule. Anzake ndi ambirimbiri: wotchetcha kapinga, woyala nthambo za makamera, wochapa yunifolomu, woyendetsa basi, wosunga mabotolo a mkodzo wa osewera, wotsegula geti. Ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024 kunali opikisana pafupifupi 10,500, koma anthu ongodzipereka okha, ogwira ntchito popanda malipiro, anali 45,000. Ku London mu 2012 analipo 70,000, ndipo tikawonjezera olembedwa ntchito, a makampani a kontilakiti, apolisi ndi asilikali, kumbuyo kwa wopikisana aliyense kunali anthu oposa khumi.

Chimene chimawamanga pamodzi onsewa ndi tsiku. Mlatho ukachedwa, boma limapepesa n'kulengeza tsiku lina lotsegulira. Mpikisano wa Olimpiki kapena wa chikho cha dziko lonse sulola zimenezo. Matikiti anagulitsidwa kale, nyumba zoulutsa masewero pa kanema zinalipira kale mabiliyoni, ma ligi a m'mayiko ambiri anakonza kale kalendala kuti amasule osewera awo, ndipo wothamanga anakonza thupi lake kwa zaka zinayi kuti lidzafike pachimake sabata imeneyoyo. Kuyambira 1896 masewero a Olimpiki analephereka mu 1916, 1940 ndi 1944 chifukwa cha nkhondo, koma kuwakankhira chaka chotsatira kunachitika kamodzi kokha, pamene pa 24 Malichi 2020 analengeza kuti a ku Tokyo adikire chifukwa cha COVID-19. Qatar inasuntha chikho cha 2022 kupita ku Novembala pothawa kutentha, koma chigamulocho chinapangidwa mu 2015, kudakali zaka zisanu ndi ziwiri. Bungwe la CAF, loyendetsa mpira mu Africa, ndi limene lakhala likusunthasuntha mpikisano wake, monga wa ku Côte d'Ivoire umene unachoka pakati pa 2023 kupita ku Januwale 2024 poopa mvula, ndipo nthawi iliyonse likatero pamabuka mkangano ndi makalabu amene amalipira osewerawo.

Choncho okonza mpikisano amawerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Amayamba ndi mphindi imene woyimbira adzayimbe wezulo woyamba, n'kufunsa kuti kuti zimenezo zitheke, kapinga ayenera kukhala atayalidwa liti. Kuti kapinga ayalidwe, denga la bwalo likhale litatha liti, poti zimakina zolemera sizingapondenso pamenepo. Kuti denga lithe, zitsulo zifike padoko liti. Ntchito iliyonse imatsamira pa inzake, ndipo imodzi ikachedwa mwezi umodzi, mweziwo umabedwa ku ntchito yotsatira. Mapeto ake pali munthu wina kumunsi kwenikweni amene amalipira ngongole ya nthawiyo ndi tulo take, mwina ndi moyo wake. Tifikako.

Zonse zimayamba ndi pepala. South Africa inasankhidwa pa 15 Meyi 2004 kuti ichititse chikho cha 2010. London inasankhidwa pa 6 Julayi 2005, Qatar pa 2 Disembala 2010, ndipo Brisbane inadziwa mu 2021 za Olimpiki ya 2032. Wosankhidwa amasainira mgwirizano wokhuthala, ndipo boma limalonjeza zinthu zimene nzika zambiri sizimva n'komwe: kuti aliyense wokhala ndi chiphaso cha mpikisano adzalowa m'dziko mosavuta, kuti misonkho ina idzachotsedwa, kuti pafupi ndi mabwalo sipadzaoneka malonda a kampani yopikisana ndi makampani othandiza mpikisanowo. Nthawi zina malamulo a dziko amachita kusinthidwa. Brazil inaletsa mowa m'mabwalo a mpira kuyambira 2003 pofuna kuchepetsa ziwawa, koma inakhazikitsa lamulo lapadera louloleza pa chikho cha 2014 chifukwa kampani ya Budweiser inali m'gulu la othandiza FIFA. Ku Qatar zinatembenuka: kutatsala masiku awiri okha, analengeza kuti mowa sugulitsidwa kwa ochemerera m'mabwalo. South Africa inatsegula makhoti apadera 56 oweruza msangamsanga milandu yokhudza mpikisano. Ine ndimaona kuti gawo limeneli ndi limene anthu a dziko lochititsa mpikisano ayenera kulifunsa mafunso kwambiri, chifukwa walira mvula walira matope, ndipo matopewo amalembedwa m'masamba amene sawerengedwa pa tsiku la chikondwerero. Mzinda wa Montreal unamaliza kubweza ngongole ya Olimpiki ya 1976 mu 2006.

Oyendera amabwera kawirikawiri, atavala zipewa zolimba, kudzaona ngati malonjezo akusanduka konkire. Akakhumudwa amalanda. Durban inalandidwa masewero a Commonwealth a 2022 mu Malichi 2017. Cameroon inalandidwa chikho cha Africa cha 2019 mu Novembala 2018, ndipo Egypt inapatsidwa mu Januwale, n'kuchititsa mpikisano wa matimu 24 mu Juni. Inakwanitsa m'miyezi isanu chifukwa mabwalo, mahotela ndi mabwalo a ndege inali nazo kale. Ena amadzichotsa okha, ngati Colombia imene mu 1982 inanena poyera kuti singakwanitse zofuna za FIFA, chikho cha 1986 n'kupita ku Mexico.

Pa zonse zimene zimakonzedwa, chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kapinga, chifukwa ndi chamoyo. Konkire mutha kuithamangitsa powonjezera anthu ndi ndalama. Udzu umakula pa nthawi yake. Bwalo la chikho cha dziko lonse ndi lalitali mamita 105, m'lifupi mamita 68, ndipo FIFA imafuna kuti mpira uzigubuduka ndi kunjanja mofanana pa bwalo lililonse, kuti timu imene yasewera mumzinda wina Lolemba isadzapeze nthaka yachilendo mumzinda wina Lachisanu. Pansi pa udzuwo pali mchenga wosefedwa, miyala ing'onoing'ono ndi mapaipi ochotsa madzi, ndipo m'mabwalo ambiri amasokerera ulusi wapulasitiki m'nthaka kuti mizu igwirepo, isazuke wosewera akatsetsereka. Wosamalira bwalo amadzuka ndi zida zake: kachitsulo kamene amakagwetsa pansi kuti ayeze kulimba kwa nthaka, kamtsetse kamene amagubuduzirapo mpira kuti aone kuti uyenda mamita angati, ndi choyezera chinyezi. Udzu amaudula kuti utsale masentimita awiri ndi pang'ono. Mizere yobiriwira mosiyana imene mumaiona pa kanema si utoto. Ndi mbali imene makina otchetchera anagonekera udzu, uku akupita, uku akubwerera. Pa nthawi yopumira gulu lake limalowa ndi mafoloko, kubwezeretsa zibuma zimene nsapato zafukula, mitu ili pansi, pamene bwalo lonse likuyang'ana kwina.

Ku Qatar anachita kunamiza udzu. Mtundu umene umapirira masewero ambiri umamera bwino nyengo yozizira, ndiye anayamba kupemerera mpweya wozizira pa mabwalo miyezi ingapo mpikisano usanayambe kuti udzuwo uyese kuti chisanu chafika, uku akuuthirira ndi madzi a m'nyanja ochotsedwa mchere. Ku America vuto ndi lina. Mu 1994 bwalo la Pontiac Silverdome, lofoleredwa pamwamba, linalandira masewero a chikho cha dziko lonse, ndipo akatswiri a ku Michigan State University anabzala udzu m'mathireyi akuluakulu a makona asanu ndi limodzi, n'kuwalowetsa m'kati limodzilimodzi. Pokonzekera chikho cha 2026, cha matimu 48 ndi masewero 104 ku United States, Canada ndi Mexico, mabwalo 8 mwa 16 amene anasankhidwa anali a kapinga wapulasitiki, ndipo angapo ali ndi denga lotchinga dzuwa. FIFA inapereka ntchito yofufuza kwa yunivesite yomweyo pamodzi ndi University of Tennessee. Udzu wotere umalimidwa kumunda pamwamba pa pulasitiki kuti mizu ilukane chopingasa ndipo isaduke pokolola, umakulungidwa ngati mphasa, umayenda m'malole oziziritsa, ndipo ukafika amauunikira ndi nyale zapadera m'malo mwa dzuwa. Kuchita mothamanga kumaoneka msanga. Pa Copa América ya 2024, mphunzitsi wa Argentina Lionel Scaloni anadandaula poyera atasewera ku Atlanta pa kapinga amene anayalidwa kutangotsala masiku ochepa.

N'chifukwa chake pamakhala mipikisano yoyeserera. South Africa inachititsa Confederations Cup mu 2009, Qatar inachititsa Arab Cup mu 2021, ndipo London inayesa malo ake ndi mipikisano yoposa 40. Cholinga ndi kupeza cholakwika nthawi ikadalipo. Mu Seputembala 2023, masewero apaubale a Côte d'Ivoire ndi Mali pa bwalo la Alassane Ouattara ku Ebimpé anathera panjira chifukwa mvula inasandutsa bwalolo dambo. Zinali zamanyazi, koma manyaziwo anabwera miyezi inayi mpikisano usanayambe, ndipo pa 11 Febuluwale 2024 bwalo lomwelo linalandira ndime yomaliza pamene eni nthaka anagonjetsa Nigeria 2-1. Ku Delhi mu 2010, pokonzekera masewero a Commonwealth, cholakwika chinaonekera mochedwa: mlatho wa oyenda pansi pafupi ndi bwalo lalikulu unagwa patatsala masabata osakwana awiri, n'kuvulaza ogwira ntchito oposa 20.

Pali zina zimene ngakhale mutayeserera chotani zimadalira kumwamba. Kusambira mu mtsinje wa Seine kunaletsedwa mu 1923. Paris inawononga ndalama pafupifupi ma euro 1.4 biliyoni kuuyeretsa, kuphatikizapo kukumba chithanki chachikulu pansi pa nthaka ku Austerlitz chosunga madzi a mvula kuti zonyansa za m'mapaipi zisasefukire mumtsinje. Koma pa mwambo wotsegulira, pa 26 Julayi 2024, mvula inagwa yamphamvu. Kuyambira pamenepo panali anthu amene ntchito yawo inali kutunga madzi m'mabotolo tsiku lililonse, kuwerenga tizilombo ta E. coli mu labotale, ndi kukumana usiku kwambiri kuti agamule. Mpikisano wa amuna wa triathlon (kusambira mumtsinjemo, kupalasa njinga ndi kuthamanga) wa pa 30 Julayi unaimitsidwa kutangotsala maola ochepa, ndipo unachitika mawa lake. Tangoganizani wopikisana amene wadzuka usiku kudya chakudya chake chomaliza, kenako n'kuuzidwa kuti bwererani mukagone. Taganizaninso amene anayenera kumuuza.

Chinthu chimene aliyense wogwira ntchito pa mpikisano amachisamala ngati diso ndi chiphaso chopachika m'khosi. Pamakhala chithunzi, zilembo ndi manambala osonyeza malo amene mwini wake akuloledwa kufika: uyu pabwalo penipeni, uyu m'chipinda chovalira, uyu kwa atolankhani basi. Ku Olimpiki chiphasochi chimagwiranso ntchito ngati viza. Chisanaperekedwe, mbiri ya munthu imafufuzidwa, ndipo ku France anafufuza anthu pafupifupi 1 miliyoni. Ndiye pa 19 Julayi 2024, sabata imodzi mwambo wotsegulira usanachitike, pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike inazimitsa makompyuta ambirimbiri padziko lonse, ndipo kupereka ziphaso ku Paris kunaima kwa kanthawi pamene matimu anali akutera. Ku Olimpiki ya ku PyeongChang, South Korea, mu 2018 zinali zadala: akuba pa intaneti anasokoneza makina a okonza mpikisano mwambo wotsegulira uli m'kati, ndipo amisiri anachezera usiku wonse kuti kukamacha zonse zikhale zikuyenda. Zinayendadi, ndipo owonera ambiri sanadziwe kanthu.

Za mayendedwe tingonena mwachidule. Ku Atlanta mu 1996 madalaivala ambiri a mabasi anachokera kunja kwa mzindawo, ndipo ena ankasochera atanyamula opikisana. Kuchokera pamenepo mizinda imapatula misewu ina kuti ikhale ya magalimoto a mpikisano okha, ndipo madalaivala amayendetsa mabasi opanda anthu kwa masiku angapo kuti aloweze njira.

Chitetezo chinasinthiratu mu 1972, pamene anthu 11 a timu ya Israel anaphedwa pa Olimpiki ya ku Munich. Lero ndi gawo limodzi lodya ndalama zambiri, ndipo ndi limene limavuta kupeza anthu okwanira, chifukwa mukufuna alonda masauzande ambiri oti agwire ntchito masabata atatu okha. Ku London kampani ya G4S inalonjeza alonda oposa 10,000, koma kutatsala masabata awiri inavomera kuti siikwanitsa, ndipo boma linaitanitsa asilikali ena 3,500, ena a iwo atangobwera kumene kuchokera ku Afghanistan. Ku PyeongChang matenda otsegula m'mimba anagwira alonda, 1,200 n'kupatulidwa, asilikali 900 n'kulowa m'malo mwawo. Komabe chimene chimapha anthu kawirikawiri pa masewero si chigawenga. Ndi khamu lopanikizana pa khomo lopapatiza. Pa 24 Januwale 2022, anthu asanu ndi atatu anamwalira pa bwalo la Olembe ku Yaoundé, Cameroon ikukonzekera kusewera ndi Comoros. Mtsogoleri wa CAF, Patrice Motsepe, ananena mawa lake kuti geti imene inayenera kukhala yotsegula inali yotseka. Bwalo linali latsopano, lokongola, la ndalama zambiri. Chimene chinasowa ndi munthu wodziwa kuti geti iti itsegulidwe nthawi yanji, ndi wina woona khamu kuchokera pamwamba n'kulamula msanga. Mapulani a kayendedwe ka anthu amawerengera kuti geti imodzi imalowetsa anthu angati pa mphindi, ndipo mipanda yokhotakhota imaikidwa kutali ndi bwalo kuti khamu lifike lochepachepa. Ntchito imeneyi siinyezimira ngati denga lagalasi, ndiye ndi imene imachepetsedwa ndalama zikayamba kutha.

Tinthu tina timaoneka tating'ono mpaka titalakwika. Ku Olimpiki kumabwera matimu oposa 200, iliyonse ndi mbendera yake ndi nyimbo ya fuko lake, ndipo nthumwi ya dziko lililonse imapemphedwa kuona mbenderayo ndi kumvetsera nyimboyo n'kuvomereza. Ngakhale zili choncho, pa 25 Julayi 2012 ku Hampden Park mu Glasgow, pa chikwangwani cha kanema anaika mbendera ya South Korea pambali pa nkhope za atsikana a timu ya North Korea. Atsikanawo anatuluka m'bwalo, masewero n'kuchedwa ndi ola lathunthu. Mu 2024, timu ya basketball ya South Sudan itaima kuti iyimbe nyimbo ya fuko lake kwa nthawi yoyamba ku Olimpiki, m'bwalo munamveka nyimbo ya Sudan, dziko limene analekana nalo mu 2011 pambuyo pa nkhondo yaitali. Wosindikiza batani analakwitsa kwa masekondi ochepa, koma kwa anyamata aja linali bala lenileni.

Zimene inu mumaona pa kanema kunyumba sizijambulidwa ndi nyumba youlutsa mawu ya dziko lanu. Ku Olimpiki zithunzi zonse zimajambulidwa ndi bungwe limodzi, Olympic Broadcasting Services, limene ku Paris linatulutsa maola oposa 11,000, ndipo nyumba zina zambiri zimangotengako n'kuikapo mawu awo. Malo a kamera iliyonse amagwirizana zaka zingapo m'mbuyo, mipando ina n'kuchotsedwa pa mapulani a matikiti chifukwa cha iyo. Magetsi amachokera mbali ziwiri zosiyana, majenereta ali chire. Ku Qatar pansi pa denga la bwalo lililonse anamangirira makamera 12 otsata malo 29 a thupi la wosewera aliyense ka 50 pa sekondi, ndipo m'kati mwa mpira munali kachipangizo kotumiza uthenga ka 500 pa sekondi, zonsezi kuti athandize oyimbira pa ofusayidi. Mipirayo inkachita kutchajidwa masewero asanayambe. Kampani ya Omega, imene inayamba kusunga nthawi ku Olimpiki mu 1932, inaika pa mzere womalizira ku Paris kamera yojambula zithunzi 40,000 pa sekondi. Pa mpikisano wa amuna wa mamita 100, Noah Lyles ndi Kishane Thompson onse anathamanga masekondi 9.79, ndipo anasiyana ndi magawo asanu mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Kamera ija ikanapendekeka pang'ono pokha poiika, golide akanatha kupita kwa munthu wolakwika.

Ntchito ina imachitika m'zipinda zotseka. Wopikisana akasankhidwa kuti ayezedwe ngati wamwa mankhwala owonjezera mphamvu, pamakhala munthu womutsatira kuyambira pamene wauzidwa, osamusiya ngakhale pokalandira mendulo, mpaka atapereka mkodzo pamaso pa mboni. Mkodzowo umagawidwa m'mabotolo awiri, A ndi B, otsekeka mosatheka kutsegula popanda kuswa chivindikiro, ndipo aliyense wowagwira amasainira. Bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwalawa pa masewero, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndi limene limavomereza ma labotale. Ku Sochi mu 2014 dongosololi linabooledwa kuchokera m'kati: mkulu wa labotale, Grigory Rodchenkov, anadzaulula kuti usiku mabotolo ankadutsa pa kabowo ka pakhoma, n'kutsegulidwa mwaukatswiri, mkodzo woipa n'kusinthidwa ndi wabwino. Masiku ano mabotolo amasungidwa mpaka zaka khumi, ndipo atayezanso a ku Beijing 2008 ndi London 2012 ndi njira zatsopano, mamendulo ambiri analandidwa n'kupatsidwa kwa amene anali pambuyo pawo. Ambiri mwa olandira mochedwawo analandira chitsulo chokha. Nyimbo ya fuko lawo pamaso pa bwalo lodzaza sinabwerenso.

Matimu nawo ali ndi anthu awo a kuseri. Miyezi ingapo m'mbuyo nthumwi zimakayendera hotela ndi bwalo lokonzekererapo, kuyeza mphindi za ulendo pakati pa ziwirizo, kuona khitchini, ngakhale kugona pa mabedi. Wosamalira zovala amalongedza majezi a wosewera aliyense angapoangapo pa masewero aliwonse, mitundu yake itavomerezedwa kale kuti isafanane ndi ya adani kapena ya woyimbira. Ndipo pali nkhani ya ndalama za osewera, imene ikasiyidwa osamalizidwa imaphulika pa nthawi yoipitsitsa. Mu 2014 boma la Ghana linatumiza pa ndege ndalama zokwana madola 3 miliyoni ku Brazil mpikisano uli m'kati, osewera atakwiya chifukwa cha malipiro. Timuyo inatuluka mu ndime yoyamba.

Tsopano tibwerere kwa munthu uja wa kumunsi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku likamayandikira ntchito ili m'mbuyo, njira yotsala ndi kugwira usana ndi usiku. Pa 27 Novembala 2013, chimakina chonyamulira zitsulo chinagwa pa bwalo la Arena Corinthians ku São Paulo, limene linayenera kulandira masewero otsegulira chikho cha 2014, n'kupha amuna awiri. Ku Qatar mabwalo, misewu, njanji ndi mahotela zinamangidwa ndi anthu ochokera ku Nepal, India, Bangladesh, Kenya, Uganda ndi mayiko ena, ambiri atakongola ndalama kwawo kuti alipire owapezera ntchito. Pansi pa dongosolo la kafala, wantchito sankatha kusintha ntchito kapena kutuluka m'dziko popanda chilolezo cha bwana wake. Chiwerengero cha amene anamwalira chimasiyana malinga ndi amene akuwerenga. Okonza mpikisano ankanena kuti pa mabwalo penipeni anafa atatu chifukwa cha ntchito. Mu Novembala 2022 mkulu wawo, Hassan Al Thawadi, ananena kuti pa ntchito zonse zokhudza mpikisano anafa pakati pa 400 ndi 500. Nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 inawerenga anthu oposa 6,500 ochokera m'mayiko asanu a ku Asia amene anamwalira ku Qatar kuyambira 2010, pa zifukwa zonse ndi pa ntchito zonse. Manambalawa atalikirana chotere chifukwa imfa zambiri zinalembedwa kuti ndi zachilengedwe kapena mtima unangoima, popanda kupima thupi, ngakhale womwalirayo anali mnyamata wa mphamvu zake amene wakhala tsiku lonse pa dzuwa la madigiri oposa 40. Imfa ikalembedwa motero, banja lake silipepesedwa ndi kanthu.

Sindivomera kuti imfa zoterezi ndi mtengo umene mpikisano waukulu uyenera kulipira. Olympic Park ya ku London inamangidwa mpaka kutha popanda wantchito ndi mmodzi yemwe kufera pa ntchitoyo, ndipo tsiku lawo nalonso silinasunthe. Anayamba msanga, anamaliza mabwalo akuluakulu chaka chathunthu mpikisano usanafike, ndipo wantchito anali ndi ufulu woimitsa ntchito akaona choopsa. Ku South Africa antchito anazindikira kuti tsiku losasunthalo likhoza kuwagwirira ntchito iwonso. Mu Julayi 2009 omanga pafupifupi 70,000 ananyanyala ntchito, ndipo patatha sabata imodzi anawonjezeredwa malipiro ndi 12 peresenti. Ngakhale ku Qatar, phokoso la mabungwe a antchito ndi atolankhani linabala kanthu: mu 2020 lamulo linalola wantchito kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndipo mu Malichi 2021 malipiro otsikitsitsa a ma riyal 1,000 pamwezi anayamba kugwira ntchito. Kusinthaku kunafika mabwalo ambiri atatha kale.

Mabungwe omenyera ufulu wa anthu, kuphatikizapo Amnesty International, anapempha FIFA kuti ipatule madola 440 miliyoni, ofanana ndi mphoto zonse za matimu, kuti apepesere antchito ovulala ndi mabanja a omwalira. Mu Novembala 2024 FIFA inalengeza thumba la madola 50 miliyoni, lopita ku mabungwe a zaumoyo, a zamalonda ndi a othawa kwawo, popanda gawo lolunjika kwa mabanja aja. Patangotha masabata awiri, pa 11 Disembala 2024, Saudi Arabia inapatsidwa chikho cha 2034. Mapulani ake ali ndi mabwalo 15 m'mizinda isanu, ambiri mwa iwo oti amangidwe kuyambira pa maziko, ndipo omanga ake akuchokera m'mayiko omwe aja.